Kupenta tiasilikali ndi kuumba bwalo la nkhondo zakale pa tebulo

Masewero a nkhondo zakale a pa tebulo amafuna zinthu zitatu: malamulo, tizidole ta asilikali, ndiponso bwalo lokhala ndi zitunda, mitsinje, nyumba ndi minda monga momwe malo enieniwo ankaonekera. Malamulo munthu amachita kugula kapena kubwereka kwa mnzake, koma tiasilikali timabwera tosapenta, ndipo bwalo silibwera n'komwe, choncho ntchito yaikulu imagwera m'manja mwa wosewera mwiniwake. Masewerowa si a lero. Mu 1824 Georg von Reisswitz anaonetsa akuluakulu a asilikali a ku Prussia, ufumu wakale wa Ajeremani, masewero otchedwa Kriegsspiel, amene ankaseweredwa pa mapu ndi tizidutswa toimira magulu a nkhondo, ndipo mu 1913 H. G. Wells anatulutsa buku la Little Wars, lofotokoza mmene anthu wamba angamenyere nkhondo pansi m'nyumba ndi tizidole ta asilikali.

Musanagwire bulashi, dziwani kumene kamsilikali kanu kadzathere. Sikadzakhala m'galasi kuti anthu azikayang'anitsitsa pafupi. Kadzaima pa tebulo, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa diso la wosewera, pakati pa anzake makumimakumi, ndipo kazidzanyamulidwa ndi zala kambirimbiri pa masewero amodzi. Zonse zimene ndifotokoze pano zachokera pa mfundo imeneyi. Ndaonapo anthu aluso kuposa ine akutha mwezi wathunthu pa kamsilikali kamodzi, kenaka n'kutopa gulu lonse likadali m'bokosi lake, pamene wina wa dzanja wamba anamaliza magulu atatu amene pa tebulo ankaoneka bwino kwambiri.

Msinkhu ndi chopangira

Tiasilikali timayezedwa m'mamilimita kuchokera ku phazi kufika cha ku maso. Ta mamilimita 28 ndito totchuka kwambiri masiku ano ndipo timafanana ndi muyeso wa 1/56, kutanthauza msinkhu wa munthu weniweni wochepetsedwa ka 56; ta mamilimita 20 timayendera limodzi ndi 1/72, pamene ta mamilimita 15 tili pafupi ndi 1/100. Palinso ta mamilimita 10 ndi 6, timene timayenera munthu wofuna kuona nkhondo yaikulu yonse pa tebulo limodzi. Posankha, funsani kaye anthu amene mudzasewere nawo, chifukwa gulu lopentedwa bwino la msinkhu umene wina aliyense alibe limangokhala chokongoletsa pa shelefu. Malamulo nawonso amalamula kuchuluka kwa ntchito. A De Bellis Antiquitatis, amene anatuluka mu 1990 ndipo ndi a nkhondo za makedzana, amafuna timatabwa 12 tokha toimikapo tiasilikali pa gulu lonse, ndipo ndi tiasilikali ta mamilimita 15 bwalo lake ndi masentimita 60 mbali zonse. Munthu woyamba kumene angamalize gulu lotere m'masabata ochepa. A Bolt Action, a Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, amafuna tiasilikali makumi angapo toima patokhapatokha, pamene nkhondo za nthawi ya Napoleon zimadya mazana, ndipo kawirikawiri zimaseweredwa pa tebulo la masentimita 180 m'litali ndi 120 m'lifupi.

Chopangira chimalamula guluu. Tiasilikali ta chitsulo ndi ta resin, womwe ndi utomoni wopanga umene umauma n'kulimba, timamatidwa ndi supaguluu. Ta pulasitiki wolimba, monga ta Perry Miniatures, Victrix kapena Warlord Games, timamatidwa ndi guluu wa pulasitiki, amene amasungunula pang'ono mbali ziwirizo n'kuzilumikiza kukhala chinthu chimodzi. Ta pulasitiki wofewa, timene timapezeka kwambiri mu 1/72 kuchokera ku Airfix ndi Italeri, ndito tovuta: guluu wa pulasitiki satigwira, ndipo penti amakanganuka pa mfuti ndi mikondo zikapindika.

Ntchito ya mpeni

Kamsilikali kalikonse kamatuluka m'chikombole cha mbali ziwiri, ndipo pamene mbalizo zinakumana pamatsala kamzere kotumphuka, koyenda kuchokera pa chipewa, kutsika m'phewa mpaka ku nsapato. Kamzereka sikaoneka kwenikweni poyamba, koma penti akangofikapo kamaonekera poyera, ndipo pa nthawiyo kukachotsa n'kuwononga ntchito. Kapaleni ndi msana wa mpeni wakuthwa, osati ndi kukamwa kwake, mukuyendetsa mpeniwo mopepuka kutsata mzerewo. Pa chitsulo gwiritsani tupa yaing'ono. Mukamapala resin nyowetsani kaye, popeza fumbi lake si labwino kulipuma, ndipo ngati tiasilikali tanu ta chitsulo n'takale kwambiri, mwina muli mtovu, choncho muzisamba m'manja mukamaliza. Kenaka tsukani tonse m'madzi ofunda a sopo ndi mswachi wotha ntchito, kuti achoke mafuta amene opanga amapaka m'chikombole.

Tikauma, timateni pa chogwirira. Ine ndimamata anayi kapena asanu pa kathabwa kopyapyala ndi kadontho kamodzi ka guluu, motalikirana ndithu kuti bulashi izitha kulowa pakati, ndipo akuluakulu a nkhondo ndimawaika aliyense pa chitsekerero chake cha botolo. Chofunika n'chakuti chala chisakhudzenso kamsilikali mpaka ntchito itatha.

Penti woyamba, amene opaka nyumba amati andakoti ndipo okonda masewerowa amati primer, ndiye amagwirizanitsa chitsulo kapena pulasitiki ndi mitundu yobwera pambuyo. Wakuda amakhululuka zolakwa, chifukwa paliponse pamene bulashi sinafike pamangooneka ngati mthunzi, koma amazimitsa zofiira, zachikasu ndi zoyera. Woyera amawalitsa mitundu koma amaulula kampata kalikonse. Wotuwa ali pakati, ndipo kwa woyamba ndi amene ndingamusankhire. Ngati ndi wopopera, khutchumulani chitini kwa mphindi ziwiri, poperani panja kapena pamalo odutsa mphepo muli pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, ndipo muzidutsa mwachangu kangapo m'malo moima pamodzi, kuopa kuti penti angadzaze nkhope ndi mabatani.

Kupenta kwenikweni

Zida zake si zambiri. Penti wa acrylic, wosungunulidwa ndi madzi, monga wa Vallejo, Citadel kapena Army Painter, ndi wokwanira, ndipo mitundu khumi ndi iwiri ingakufikitseni patali. Mabulashi atatu akwana: imodzi ya nambala 2 yogwira ntchito yambiri, ina ya nambala 0 ya malamba ndi nkhope, ndi ina yakutha yopukutira. Ambiri amaganiza kuti kanthu kakang'ono kamafuna bulashi yaing'onong'ono, koma chofunika ndi nsonga yosongoka bwino. Bulashi yochepetsetsa imanyamula penti wochepa amene amauma asanafike pa kamsilikali. Musaviike bulashi mpaka pa kachitsulo kogwira ubweya, chifukwa penti akaumira mmenemo ubweya umatanyuka ndipo subwereranso.

Penti wotuluka m'botolo ndi wolimba kwambiri. Msungunuleni ndi madzi pang'ono mpaka aziyenda bwino pa bulashi koma osathamangira m'makwinya, ndipo mupake kawiri mopyapyala m'malo mopaka kamodzi mochindikala. Kuti asaume msanga, ikani siponji yonyowa m'kabokosi kosaya, yalani pamwamba pake pepala losalowa mafuta msanga la mtundu wa parchment, ndipo muzisakaniza penti pa pepalalo. Chinyezi chochokera pansi chimamusunga wofewa kwa maola ambiri.

Titenge chitsanzo cha asilikali oyenda pansi a ku Britain amene anamenyana ndi Afalansa a Napoleon pa nkhondo ya Waterloo, ku Belgium wa lero, pa 18 June 1815. Tengani tiasilikali khumi kapena khumi ndi tiwiri nthawi imodzi, ndipo mtundu uliwonse muupake pa tonse musanatsegule botolo lina. Pofika pa komaliza, koyamba kamakhala katauma. Yambani ndi zamkati kutulukira kunja, monga momwe munthu amavalira: khungu poyamba, kenaka jekete lofiira, buluku lotuwa, chipewa ndi nsapato zakuda, thabwa la mfuti, chitsulo chake, ndipo pomalizira malamba oyera opingasa pa chifuwa. Dongosolo limeneli limathandiza chifukwa chilichonse chapamwamba chimabisa pamene bulashi inaterereka pa chapansi. Jekete la msilikali wamba linali lofiira moderako, pamene la ofisala linali lofiira mowala chifukwa nsalu ndi utoto wake zinali zapamwamba, ndipo kusiyana kumeneku kumaoneka bwino pa tebulo. Kolala ndi mapeto a manja a jekete zinali ndi mtundu wosiyana malinga ndi gulu, ena chikasu, ena zobiriwira, ndipo magulu otchedwa a mfumu anali ndi buluu. Apa mpamene kufufuza kumalowa, chifukwa mnzanu wodziwa mbiri adzaona kolala yolakwika asanaone china chilichonse. Gulu la 95th Rifles silinavale zofiira n'komwe: linkavala zobiriwira zoderako ndi malamba akuda.

Mitundu yoyambayi ikatha, kamsilikali kamaoneka kosalala ngati chidole cha mwana, ndipo ambiri amataya mtima pamenepa. Chimene chimakadzutsa ndi penti wamadzimadzi wodera amene amati wash. Mukamupaka, amathawa pamalo otumphuka n'kukakhazikika m'makwinya a zovala, pakati pa zala ndi m'mphepete mwa malamba, ndipo mwadzidzidzi nkhope imakhala ndi mphuno ndi masaya. Wabulawuni amayenera khungu, zofiira ndi zikopa. Wakuda amayenera chitsulo ndi zotuwa. Yang'anirani kuti asadikhe pansi pa jekete kapena pakati pa miyendo, ndipo akadikha mutapeni ndi bulashi youma asanaume. Msiyeni kwa theka la ola kapena kuposerapo. Mukatero bwererani ndi mtundu woyamba uja pa malo otumphuka okha, mapewa, zigongono, mawondo ndi msonga ya mphuno, mukusiya mthunzi m'makwinya. Malamba oyera apakeninso kachiwiri, popeza pa mtunda wa mita imodzi ndiwo amene amauza diso kuti awa ndi asilikali a nyengo imeneyo.

Njira ina yowalitsira ndi imene amati drybrush. Viikani bulashi yakutha ija mu penti wowala, ipukuteni pa kansalu mpaka ioneke ngati yatheratu, kenaka muisisite mopepuka modutsa pa makwinya. Penti wotsalayo amangogwira nsonga zokha. Njirayi ndi yabwino pa ubweya, tsitsi, malaya a unyolo a ankhondo akale, mawilo a mizinga ndi akasinja, koma pa nsalu yosalala imasiya maonekedwe a fumbi.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma maso a kamsilikali musavutike nawo. Pa mamilimita 15 saoneka n'komwe, ndipo ngakhale pa 28, maso oyera okhala ndi kadontho kakuda amachititsa gulu lonse kuoneka ngati ladzidzimuka. Mthunzi wa wash m'maenje a maso ndi wokwanira. Mahatchi ndiwo ofunika kuwapatsa nthawi, chifukwa ndi aakulu ndipo amaonekera patali. Ambiri akhale abulawuni okhala ndi chenjerere, mchira ndi m'munsi mwa miyendo zakuda, ena apatseni banga loyera pa mphumi kapena pa mwendo umodzi, ndipo otuwa akhale ochepa, kupatula pa gulu ngati Scots Greys limene linkadziwika ndi mahatchi otuwa.

Pomaliza pakani vanishi wosawala kuti penti apirire zala. Ndinaphunzira movutika kuti vanishi wopopera sagwirizana ndi chinyezi: tsiku lina kutachita mitambo ndinapopera tiasilikali 24 timene ndinatipenta kwa milungu itatu, ndipo m'mawa mwake ndinatipeza tili mbuu ngati tagwa m'phulusa. Ndinatipulumutsa popaka vanishi wowala ndi bulashi kenaka wosawala pamwamba, koma kuyambira pamenepo ndimayesa kaye pa kamsilikali kamodzi kosafunika.

Poimapo pake

Kathabwa kamene kamsilikali kamaimapo kamaoneka ngati nkhani yaing'ono, koma wosewera amayang'ana kuchokera pamwamba, choncho nthaka ya pa kathabwako imatenga gawo lalikulu la zimene diso limaona. Kukula kwake kumalamulidwa ndi malamulo. Mwachitsanzo, mu De Bellis Antiquitatis kathabwa ka tiasilikali ta mamilimita 15 kamakhala mamilimita 40 kumaso kwake. Matani tiasilikali, dzazani mpata wozungulira mapazi ndi phala lomatira ming'alu ya khoma kuti chitunda chimene kamsilikali kanabwera nacho chisaoneke, pakani guluu woyera wa matabwa wotchedwa PVA, ndipo muviike kathabwako mu mchenga wosefa. Ukauma, pakani bulawuni wodera, pukutani ndi wowala kawiri, kenaka matani udzu wopanga m'zigambazigamba, osati ponseponse. Lembani penapake mitundu imene mwagwiritsa ntchito, chifukwa mudzaifuna pa gulu lotsatira chaka chamawa, ndipo mudzaifunanso pa bwalo. Gulu loima pa nthaka yofiira likaikidwa pa bwalo lobiriwira limaoneka ngati layenda ndi dothi la kwawo.

Kuumba bwalo

Bwalo limayamba ndi nsalu yochindikala ya mtundu wa nthaka kapena udzu, yokwana tebulo lonse. Iwazeni penti wabulawuni ndi wobiriwira wa mitundu ingapo mwa apo ndi apo kuti isaoneke ya mtundu umodzi. Zina zonse zimaikidwa pamwamba pake ndipo zikhale zonyamulika, kuti tebulo lomwelo lero likhale Waterloo, mawa likhale Normandy wa ku France.

Chitunda ndicho choyamba kupanga, popeza nkhondo zambiri zinkalimbirana malo okwera. Ku Waterloo, Wellington, mtsogoleri wa asilikali a ku Britain, anabisa asilikali ake ambiri kuseri kwa mtandadza wa Mont-Saint-Jean kuti mizinga ya Afalansa isawaone, ndipo mtandadzawo sunali phiri ayi, unali kukwera kwa pang'onopang'ono. Gwiritsani fomu yolimba ya XPS, imene omanga amaika m'makoma kuti nyumba isunge kutentha, yochindikala masentimita awiri ndi theka kapena atatu. Iduleni ndi mpeni wautali wakuthwa kapena waya wotentha, muli pamalo odutsa mphepo chifukwa utsi wake ndi woipa, ndipo musalaze m'mbali ndi sandipepa. Musanapake kalikonse, imikani kamsilikali kachitsulo konyamula mbendera pa malo otsetsereka kwambiri. Kakagwa, chepetsani kutsetserekako. Ena amasankha chitunda cha masitepe, chimene sichioneka chenicheni koma chimagwira asilikali bwinobwino. Ine ndimakonda chotsetsereka pang'ono chokhala ndi pamwamba pafulati potakata mokwanira gulu limodzi. Chenjerani ndi penti wopopera, pakuti amadya fomu n'kuisiya ndi maenje ngati chiswe chadutsamo. Yambani mwaikuta yonse ndi PVA wosakaniza ndi penti wa m'nyumba ndi mchenga, ndipo pamenepo mudzakhala mwaiteteza ndi kuipatsa nthaka nthawi imodzi. Pa zinthu zazikulu ngati izi musawononge penti wa timabotolo. Penti wamadzi wopakira makoma amagwira ntchito yomweyo.

Nyumba zili ndi vuto lake lobisika. Muyeso wa kamsilikali ndi muyeso wa nthaka sizifanana: kathabwa ka tiasilikali anayi kangaimire amuna mazana, ndipo mfuti imene inkafika mamita zana imangofika masentimita ochepa pa tebulo. Mukamanga famu yonse ya Hougoumont, imene inalimbiranidwa ku Waterloo, ndi mpanda wake wa njerwa, munda wa zipatso ndi mabwalo ake, pa muyeso weniweni wa mamilimita 28, idzadya gawo lalikulu la tebulo. Choncho pa nkhondo zazikulu chepetsani: nyumba imodzi kapena ziwiri, chipata ndi mpanda zikwanira kuimira famu yonse, ndipo ambiri amagwiritsa dala nyumba za muyeso wotsikirapo. Pa masewero a magulu ang'onoang'ono, pamene kamsilikali kamodzi ndi munthu mmodzi, nyumba ikhale ya msinkhu woyenera ndipo denga lake likhale lochotseka kuti asilikali azilowa. Makoma aduleni ku foamboard, fomu yokutidwa ndi pepala mbali zonse ziwiri, ya mamilimita asanu, mafelemu a zitseko ndi mazenera ku timitengo ta machesi kapena thabwa lofewa la balsa, ndipo muwapake phala la ming'alu losungunula kuti aoneke ngati pulasitala. Denga la matailosi limapangidwa ndi timizere ta katoni yopyapyala totemedwatemedwa m'mphepete, tomatidwa kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, kalikonse kakuphimba theka la kanzake. Ndi ntchito yotopetsa, koma denga ndilo limene osewera amaliona nthawi zonse, choncho ngati pali malo oyenera kutayapo madzulo athunthu ndi amenewa.

Nkhalango ipangeni pawiri: chigamba cha nsalu kapena thabwa lopyapyala losonyeza malire ake, ndi mitengo yoima payokhapayokha imene ingasunthidwe gulu likalowa. Mtengo umapangidwa popota mawaya angapo opyapyala kukhala thunthu, n'kuwatambasula kumwamba kukhala nthambi ndi kumunsi kukhala mizu. Thunthulo likuteni ndi phala, lipenteni motuwa osati bulawuni weniweni, ndipo masamba akhale siponji yonyenyedwa yoviikidwa mu penti wobiriwira. Matani mtengo uliwonse pa wochala yachitsulo yolemera, kachitsulo kaphwatalala kozungulira ka bowo pakati, kuti usamagwe wina akagunda tebulo.

Minda ndi yosavuta. Chopondera cha pakhomo cha ulusi wa kokonati, chikadulidwa m'zigamba, chimaoneka ngati munda wa mbewu zokhwima, wofanana ndi minda ya rye, mbewu yaitali yonga tirigu, imene asilikali anaipondaponda ku Waterloo, ndipo nsalu ya mizeremizere yopakidwa bulawuni imasanduka munda wolimidwa kumene. Ku Normandy mu 1944 minda inali yozingidwa ndi bocage, mipanda ya zitsamba zowirira zomera pa milambala ya dothi imene inkatsekereza ngakhale akasinja, choncho musaipange ngati kampanda ka maluwa: mlambala wa fomu ndi zitsamba zake pamodzi zipose msinkhu wa kamsilikali. Mtsinje uduleni m'zidutswa za masentimita 30 zofanana m'lifupi kumapeto kwake kuti zizilumikizana mulimonse, kwezani magombe ndi phala, pakani mtundu wodera pakati ndi wowala cha m'mbali, wobiriwira mosakanikira ndi bulawuni osati buluu, kenaka vanishi wowala katatu. Thabwa lopyapyala la MDF kapena katoni limapindika guluu akauma mbali imodzi yokha, motero pakani PVA kunsi kwakenso ndipo muliumitse mutalitsendereza ndi mabuku olemera.

Zonse zikauma, sungunulani PVA ndi madzi ambiri, donthezanimo sopo wamadzi pang'ono kuti alowerere, ndipo muwaze pa mchenga, udzu ndi masamba onse kuti zisamayoyoke. Kenaka yalani bwalo, imikani magulu awiri moyang'anana, weramani mpaka diso lanu lifike pa msinkhu wa kamsilikali, ndipo muone ngati chitunda chikubisadi amene ali kuseri kwake, ngati gulu lathunthu likukwana pa mlatho ndi pa chipata cha famu, ndiponso ngati dzanja lanu lingalowe pakati pa mitengo osathyola mikondo. Chimene chalephera chikonzeni tsopano, mpeni ndi guluu zikadali pa tebulo. Posunga, tiasilikali tokhala ndi wochala yachitsulo kunsi timakhazikika bwino m'bokosi loyalidwa pepala la maginito, ndipo m'bokosi lomwelo muikemo kabotolo ka supaguluu, chifukwa mkondo woyamba umathyoka kawirikawiri masewero oyamba asanathe.